Magalasi a Malemu Jemuse

Ana anga, kuyambira muli aang'ono mwakhala mukundifunsa zinthu ziwiri: chimene chinayeretsa diso langa lamanzere, ndi chifukwa chake magalasi ong'aluka aja amakhala pa msomali kuseri kwa chitseko osatayidwa. Ndinkangoti ndi za kuntchito, nkhani n'kuthera pomwepo. Mukundidziwa, pakamwa panga mpolemera. Tsopano manja apuma, ndiye ndati ndilembe, ngakhale zina mwa zimenezi ineyo sindinazimvetse mpaka lero.

1968

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa serasau, malo ochekera matabwa, m'mphepete mwa nkhalango kuseri kwa phiri la Domwe. Anandiperekeza ndi agogo anga a Nabanda, amene anandilera bambo ndi mayi atamwalira ndili khanda. Agogo sanali munthu wa nthano kapena wa malangizo. Ankalima kachewere, kumugulitsa pamsewu, ndi kukalipa. Tsikulo anandiimika pamaso pa kapatazi, woyang'anira antchito, a Mbewe, ngati mbuzi ya pamsika.

"Uyu salankhula, koma amaona," anatero agogo. "Mumupatse chogwira a boma asanamutole."

"Salankhula? Ndiye wafika pake," anayankha a Mbewe. "Pano ngakhale wolongolola samveka."

Ankanena zoona. Macheka aakulu ankalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anthu ankalankhulana ndi manja. Mwini malo anali Mpwitikizi wina amene tinkangomuti patarau. Sanali womenya anthu ngati ena amene tinkamva mbiri yawo. Anali munthu wa madandaulo, maso ali kumsewu nthawi zonse, kudikira katundu wochokera ku Tete amene sankafika. Ine anandiika pa ntchito yowola utuchi. Ndinawola mpaka mvula itagwa, koma maso anga ankakhala ku kashedi ka malata kumene ankanolerako zida.

Wonola anali a Jemuse, Msena wochokera kuchigwa, kumunsi kwa Zambezi. Kuzizira kwa kwathu kuno kunawasautsa moyo wawo wonse. Ankavala majekete awiri ngakhale mu Okutobala, ndipo m'mawa uliwonse ankatukwana dziko lathu m'Chichewa chawo chopindika. "Dziko lanji ili? Madzi oluma mano, nsomba palibe, ndiwo kabichi, mawa kabichi. Inu anthu a m'mitambo, Mulungu anakulakwirani chiyani?" Anzathu ankawabwezera kuti, "A Nsomba, bwererani kumadzi mukafunde!" Iwo ankaseka mpaka kutsokomola.

Chida chawo chinali esimeri, makina ogwira m'manja, olemera ngati mwana woyamba kukwawa. Kutsogolo kwake kunali mwala wozungulira, kumbuyo chingwe chopita ku jeradolo, injini yopanga magetsi. Ndi ameneyo ankanolera nkhwangwa za odula mitengo, kusalaza zitsulo zowotcherera, ndi kukumba mano a macheka aakulu. Mwala ukakhudza chitsulo, moto unkathetheka mpaka kudenga. Makinawo anabwera ndi chishango chotchinga theka la mwala, koma anachichotsa kalekale chifukwa sichinkalola mwala kulowa pakati pa mano a macheka. Anabweranso ndi magalasi otchinga maso, amodzi okha. Lamba wake ataduka, a Jemuse anamangapo mphira ya njinga.

Tsiku lina anandikodola. "Iwe kadzidzi, wandiyang'ana mokwanira. Bwera ugwire." Anavula magalasi kumaso kwawo n'kundiveka. Anali ofunda, onyowa ndi thukuta lawo. Kuyambira pamenepo ndinakhala wophunzira wawo. Iwo akamanola ine ndinkaima kumbuyo nditatembenuza nkhope, ine ndikamanola iwo ankachita chimodzimodzi. Magalasi ankayenda pakati pa mitu yathu iwiri ngati chikho cha pamowa.

1970

Nkhondo itafika m'misewu, magalimoto anayamba kuyenda pokhapokha ataperekezedwa ndi asilikali, ndipo zinthu zinasowa. Mchere, mafuta, misomali, ndi miyala ya esimeri. Tinkanola mwala mpaka kuchepa ngati chivundikiro cha botolo, kenaka tinayamba kutola yomwe tinaitaya kale. A Jemuse anali ndi chizolowezi chogogoda mwala ndi msomali asanaumange, khutu lili pafupi. Wabwino unkalira ngati belu laling'ono. M'mawa wa tsiku limene ndikunenalo, mwala umene unatsala unangoti phu.

"Wasasa mawu uyu," anatero a Jemuse.

Anakauza patarau. Patarau anatambasula manja, n'kuloza mulu wa mitengo ya mlombwa ndi kamiyau, lole imene inkadikira matabwa. Sanawakakamize ndi mawu, ndinalipo. Anangoti mwala wina kulibe, ndipo macheka abuntha. A Jemuse anabwerera kushedi, anavala magalasi, anandiuza kuti ndiime kutali pang'ono kuposa masiku onse. Esimeri inalira kanthawi. Kenaka kunamveka ngati mfuti, malata a denga anabooka, ndipo a Jemuse anakhala pansi pang'onopang'ono, dzanja lili pakhosi. Chidutswa cha mwala chinawalowa pansi pa chibwano. Tinawakweza pa kamiyau ija, koma anatisiya tisanafike kuchipatala ku Vila. Magalasi anali akadali kumaso. Anawavula ndi a Naphiri, mayi wachikulire amene ankatiphikira, ndipo sanawagwire ndi manja, anakulunga zala m'nsalu.

Mudzi wapafupi unatipatsa malo m'mbali mwa manda, kumene amagona alendo. Tinakumba tokha, tinakwirira tokha. Panalibe wachibale woti alire motchula mayina, panalibe woti ametedwe. Katundu wawo, bulangete, majekete awiri, mbale ndi magalasi, a Mbewe anamanga mtolo n'kuupachika kudenga la shedi kudikira abale. Patarau anati watuma uthenga kuchigwa kudzera mwa woyendetsa galimoto wina. Yankho silinabwere.

Ntchito itayambanso, patarau anatsitsa mtolo uja, anatulutsamo magalasi, n'kuwakoleka pa msomali pafupi ndi esimeri. "Awa si a Jemuse, ndi a serasau," anatero. Kenaka anandiloza. "Wonola tsopano ndiwe."

Atangotuluka, a Mbewe anandigwira pamkono. "Usawakhudze."

"Koma bambo, ndakhala ndikuwavala."

"Unkavala a munthu wamoyo. Awa ndi a maliro. Katundu wa malemu sagwiritsidwa ntchito abale asanamete ndi kugawa. Agogo ako sanakuuze?"

"Nanga esimeriyi? Nayonso ankaigwira, ndipo ndi imene yawapha."

"Esimeri ndi chida. Magalasi ndi chovala."

"Patarau akuti ndi a serasau."

"Thukuta lili pa mphirapo ndi la serasau? Munthu anafa akuyang'anira mmenemo, mwana iwe. Chimene anaona pomaliza chili momwemo. Ukufuna uchione?"

Ndinanyamula makina amene anapha munthu, ndinasiya magalasi amene sanapwetekepo aliyense. Ndinaona kuti penapake sipali bwino, koma sindinadziwe kuti ndi pati.

1970 mpaka 1972

Ndinaphunzira kunola nditatsinzina, nkhope nditaipendeketsa ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Sizinkathandiza kwenikweni. Tizitsulo tinkandilowa m'maso kawirikawiri, ndipo tonse tinkatiyesa zitsotso wamba, zonga za popetera chimanga. Mankhwala ake anali a Naphiri. Ankapukuta manja pa chitenje, kundigwira mutu ngati dzungu, kutsegula chikope ndi zala, n'kupisamo nsonga ya lilime. Akatero ankalavulira pachikhatho kundionetsa kadontho kakuda.

"Chitsulo chonse cha patarau chithera m'mimba mwanga ine," ankatero. "Tsiku lina ndidzabereka nkhwangwa, udzailera ndiwe."

Ndinayesa njira zanga. Ndinamanga kachidutswa ka galasi la zenera pa waya, kanasweka tsiku lomwelo n'kundicheka pamphuno. Ndinayesa sefa wa ufa, sindinkaona chimene ndikunola. Kusiya ntchito sikunali kotheka. Masiku amenewo mnyamata wopanda ntchito yodziwika ankatoledwa kukasenza katundu wa asilikali, kapena ankamuganizira kuti akudyetsa ankhondo a kutchire. Ndiponso nyumba ya agogo inkadalira ine.

Ndinapempha a Mbewe kuti akandinenere kwa patarau agule magalasi ena. Patarau anabwera yekha kushedi, nkhope ili yodabwa. "Ena? Awa alakwa chiyani?" Anawachotsa pa msomali, anawavala, anayenda nawo uku ndi uku pabwalo, akugogoda galasi ndi chala. "Onani! Ndafa? Ndafa ine?" Anthu onse anayang'ana pansi. Atapita ndinati mwina nkhani yatha, koma mmodzi wa odula mitengo anati, "Ameneyo ndi mzungu, mizimu ya kuno simudziwa." Enawo anavomereza. Patarau naye anali ndi mfundo yake: chinthu chilipo, chili chabwino, ndipo msewu ndi wovuta. Agulirenji china?

Ndinapita kwa akatekisita a kutchalitchi kwathu, a Domingu. Anandiyankha mwamphamvu. "Mkhristu saopa galasi, mwana wanga. Zimenezo ndi za mumdima." Anadzipereka kubwera kudzawadalitsa, ndipo anabweradi. Anapemphera, anawaza madzi mpaka msomali unadontha. Ndinawapempha kuti awachotse pamenepo andiveke ndi manja awo, anthu aone. A Domingu anaika manja kumbuyo.

"Ine sindinola," anatero. "Wovala ndiwe."

Anatsanzika msanga, ndipo a Naphiri anaseka mpaka kugwetsa mthiko. Ine sindinaseke. Ndinaimirira pamaso pa msomali uja nthawi yaitali, dzanja linakwera, n'kubwerera lokha.

Ndinafunsanso agogo, tsiku lina Lamulungu akusankha mbewu ya kachewere pakhonde.

"Anafa atavala?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Eya, agogo."

"Ndiye ukundifunsa chiyani?" Anandiyang'ana. "Koma diso lakolo lafiira ngati la chidakwa."

"Ndiye nditani, agogo?"

"Tseka chitseko, nkhuku zikulowa."

Aliyense amene ndinamufunsa ankalankhula ngati nkhaniyo ndi yapafupi, koma mayankho awo sankakumana. Ine ndinali pakati, ndikunola nditatsinzina.

1972

M'nyengo yozizira kachitsulo kanandilowa m'diso lamanzere n'kukana kutuluka. A Naphiri anayesa lilime, anayesa nsonga ya nsalu, anaitana mayi wina woyamwitsa kuti adonthezeremo mkaka. Ndinapirira ndikuganiza kuti katuluka ndi misozi. Diso linatupa, mutu unayamba kuwawa mbali imodzi, kuwala kunasanduka mdani. Pamene ankandikweza pa kamiyau kupita kuchipatala ku Vila, diso linali litatsekeka. Enifelimeru, namwino wa kumeneko, anachotsa kachitsulo kaja ndi singano, koma anati kanachita dzimbiri mkati ndipo bala lafika pakati. Atamasula bandeji patapita masiku, ndinkangoona kuwala ngati kwa nkhungu ya m'mawa.

"Ili latha," anatero. "Likapita linalo udzayenda ndi ndodo. Kuntchito kwanu kulibe magalasi?"

"Alipo."

"Ndi osweka?"

"Ayi."

"Nanga?"

Anapukusa mutu n'kuitana wotsatira.

Nditabwerera, a Naphiri anandiitanira kukhitchini. Nthabwala zinali zitawathera. "Tamvera, wamasiye iwe. Vuto si magalasi. Vuto ndi lakuti munthu uja alibe womumetera. Atapezeka mwana wake, n'kumeta, katundu n'kugawidwa, nkhani yatha."

"Ana awo ali kuchigwa, amayi. Mwina uthenga sunafike n'komwe."

"Amene malemu anamuika ntchito m'manja si mwana wake? Iwe bambo ulibe, iye mwana pano alibe. Mukusowana chiyani?"

A Mbewe atamva anakanda mutu nthawi yaitali. Anati zotere sanazionepo, koma sanamvenso kuti ndi zoletsedwa. Akuluakulu a mudzi umene unatipatsa manda anakambirana, ena kuvomera ena kukana, mapeto ake anati ngati mnyamatayo akufuna yekha kusenza maliro a mlendo, asenze, koma adziwe kuti ubale wotere suvulidwa ngati malaya. Manda adzalambula ndiye, dzina adzasunga ndiye.

Kunatsala agogo. Ndinawapeza akupalira, ndinawafotokozera nditakhala pamzere. Anaponya khasu pansi.

"Wachibale wako wamoyo ndani?"

"Ndinu, agogo."

"Ndine ndekha. Ndiye anthu akakuona ndi mpala wa maliro adzati wafa ndani? Ukundikumbira manda ndikupuma? Bambo ako ndi mayi ako sunawametere, unali khanda lopanda tsitsi. Lero tsitsi lamera, ukaliperekere Msena?"

"Ndi diso, agogo. Latsala limodzi."

"Siya ntchitoyo."

"Anditola."

"Ndiye vala magalasiwo osameta!"

"Munati ndisavale."

"Ndinatero liti? Ndinati utseke chitseko!"

Anatola khasu n'kupitiriza kupalira, msana atandipatsa. Ndinachoka mutu uli zii. Ndikameta, ndaitanira imfa munthu yekhayo amene anandilera. Ndikapanda kumeta, tsiku lina ndidzakhala wakhungu, ndipo wondigwira dzanja adzakhala nkhalamba yomweyo. Pobwerera ndinachita chinthu chimene sindinauzepo aliyense. Ndinamanga kansalu pa diso labwinolo, ndi kuyesa kutsika njira ya kudambo imene ndinkaidziwa kuyambira ubwana. Sindinapite patali. Ndinapunthwa pa muzu, ndinagwera m'ngalande, ndipo ndinakhala mmenemo ndikumva madzi akulowa m'malaya, osadziwa kumene kuli mudzi. Nditamasula kansaluko ndinali nditasankha. Sindikunena kuti ndinasankha bwino. Ndikuti ndinasankha.

Mwambo unachitika m'mawa pabwalo la a Mbewe. Panali kamowa pang'ono ndi nkhuku imodzi. Anatsitsa mtolo uja, a Naphiri anabweretsa magalasi atawakulunga m'nsalu, ndipo ine anandikhazika pamphasa. A Mbewe anali atangonyowetsa mutu wanga pamene agogo anatulukira, ndodo kudzanja, mpango uli pambali, atayenda wapansi mtunda wonse kuchokera kumudzi kwathu. Sanapereke moni kwa aliyense.

"Chokani apo, a Mbewe. Mutu uwu ndaumeta ine kuyambira uli ngati chipwete. Sumetedwa ndi wina."

Anamasula lumo pa mfundo ya chitenje n'kuyamba. Dzanja lawo linali lolemera, anandicheka malo angapo, ndipo sanapepese. Ndinkamva mpweya wawo pakhosi panga, wothamanga, wa munthu wokwiya kapena wolira, sindinathe kusiyanitsa. Atamaliza anaola tsitsi okha, anapatsa a Mbewe kuti akalitaye koyenera, kenaka anandimenya kambama pa mpalapo.

"Wapeza bambo. Vala tione."

A Mbewe anatchula dzina la malemu, anati mwana wanu ndi uyu, katundu wanu walowa m'nyumba. Ndinatambasula nsalu, ndinagwira magalasi ndi manja. Mphira inali itauma. Ndinawavala, kudikira kuona chimene a Jemuse anaona pomaliza. Ndinaona agogo, akupukuta lumo pa chitenje, ali mbuu chifukwa cha fumbi la pagalasi.

1973

Ndinanola ndi magalasi amenewo miyezi ingapo. Kenaka tsiku lina dzino la macheka linathyoka pansi pa mwala, ndipo china chake chinandimenya kumaso mpaka ndinagwa chagada. Nditadzuka, galasi lakumanja linali litang'aluka ngati ukonde wa kangaude, kachitsulo katakakamira pakati. Diso linali bwinobwino. Loweruka ndinapita nawo kwa agogo. Anawatembenuza, anapisa chikhadabo mu mng'alu.

"Likanakhala diso," anatero. Tsikulo anapha nkhuku.

Ndinaonetsanso patarau. Anawayang'ana n'kunena kuti, "Aa, awa asweka. Tiitanitsa ena." Ndipo kamiyau yotsatira inabwera ndi magalasi atsopano, awiri. Ndinaima nawo m'manja ngati chitsiru. Zaka zonse zija, kupempha konse kuja, diso langa, mutu wanga: chimene chinkafunika chinali chakuti wina awagwetsere pansi n'kuwaponda. Ndinauza a Mbewe zimenezi. Anandiyang'ana modabwa. "Akanawaponda ndani? Katundu wa maliro?"

Mvula ya chaka chimenecho isanathe, agogo anadwala chifuwa. Anali okalamba, ndipo chifuwa cha nyengo imeneyo chinatenga nkhalamba zingapo m'mudzi mwathu. Koma pamaliro ndinamva amayi awiri akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe kuti mdzukulu anameta kale, anachita kuitana. Tsitsi langa linali litangomera bwino pamene anandimetanso. Agogo ali gone sananditchulirepo nkhaniyo. Mawu awo omaliza kwa ine anali akuti mbewu ya kachewere ili pa tsindwi ndisaidye. Ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewo zaka zonsezi kufuna kupezamo chikhululukiro kapena mlandu. Muli kachewere yekha.

1975

Ufulu utayandikira, patarau ananyamuka, macheka anakhala chete, ndipo anthu anayambanso kuyenda maulendo ataliatali. Ife tinatsala tikulondera makina, osadziwa kuti mwini wake tsopano ndani. M'mawa wina wa chisanu kunafika munthu wamtali, akunjenjemera m'malaya opyapyala, akufunsa za Msena wina wonola. Anamulozera kwa ine. Ndinali nditavala imodzi mwa majekete a malemu, poti katundu yense anapatsa ine. Munthuyo sanayang'ane nkhope yanga, anayang'ana jekete.

"Chigamba cha pachigongonocho anasoka ndi amayi anga," anatero. "Ine ndine Zeka. Bambo ali kuti?"

Uthenga wa patarau sunafike. Zaka zonsezo kwawo ankaganiza kuti a Jemuse anakwatira mkazi wa kumapiri n'kuwaiwala, ndipo Zeka anabwera ndi mawu okonzeka kale oti awalalatire. Ndinamutengera kumanda. Anapeza polambulidwa, pali mtanda wa mlombwa umene ndinapala ndekha. Anakhala pansi. Kenaka anafunsa kuti wosamala pano ndani, ndipo ndinamufotokozera zonse, mwala wosasa mawu, msomali, diso, lumo la agogo.

"Ndiye iwe unametera bambo anga?"

"Eya."

"Unkawakonda chotero?"

Ndikanatha kungovomera, ndipo silikanakhala bodza lenileni. Koma ndinati, "Ndinkafuna magalasi."

Anandiyang'ana ngati sanamve. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kwa bambo ake kwenikweni, kothera m'kutsokomola, ndipo sindinaone pamene kunasandukira kulira. Atapukuta nkhope anati, "Anthu a m'mitambo inu, Mulungu anakulakwirani chiyani?" Anali mawu a bambo ake enieni. Anandifunsa chaka chimene ndinabadwa, tinapeza kuti wamkulu ndi iye.

"Ndiye mng'ono wanga, lumo uli nalo? Iwe unameta kale. Ine ndachedwa."

Ndinamumeta ndi lumo la agogo, pabwalo lomwe lija la a Mbewe. Pobwerera anatenga bulangete, mbale ndi jekete imodzi, kuti amayi ake akaone. Inayo anati ndisunge, dziko lino ndi la majekete. Ndinamupatsa magalasi. Anawatembenuza, anayang'ana mng'alu uja, anayang'ana diso langa loyera, n'kundibwezera.

"Awa sungandipatse. Ndi a kwanu."

Amenewo ndiwo atate anu aakulu a Zeka, amene ankatitumizira nsomba zouma muli ana, inu n'kumadabwa kuti ife a ku Domwe tinapeza bwanji abale kuchigwa. Ndi chifukwa chakenso mkulu wanu dzina lake ndi Jemuse.

Ndinanola zaka zambiri pambuyo pake, malo osiyanasiyana, ndipo diso lakumanja ndi limene ndikulembera pano. Ngati a Mbewe ankanena zoona, kapena patarau, kapena a Domingu ndi manja awo akumbuyo, sindikudziwa. Ngati ndinafupikitsa masiku a agogo, sindikudziwa, ndipo amene akanandiuza anasankha kunena za mbewu. Chimene ndikupemphani ndi chimodzi. Ndikadzapita, zida zanga zisadzagone pa msomali kudikira munthu wa kutali. Mudzamete msanga, mudzagawe msanga. Magalasi aja musadzakanganirane, ntchito alibe. Amene adzawachotse pamenepo ndi manja ake, osakulunga zala m'nsalu, adzatenge ameneyo.